Chikwama Chikapanda Kutuluka pa Bwalo la Ndege

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, ana a kuno kumalire amene ali pantchito ku Maputo, ku Beira, ku Nampula ndi ku Joni amayamba kuitana makolo awo kuti akadye nawo Khrisimasi. Kale ulendo wotere unali wa masiku awiri kapena atatu pa basi, koma masiku ano alipo ana ena amene amangotumiza tikiti ya ndege pa foni, nkhalamba n'kukwera chapa ku Ulongwe kapena ku Furancungo kukatsikira ku Tete, mawa lake n'kukhala ili m'mwamba. Kuchokera pa bwalo la ndege la Chingodzi kukafika ku Maputo ndi maola pafupifupi awiri, pamene pamsewu ndi makilomita oposa 1,500. Ndi chinthu chokondweretsa ndithu. Koma pali vuto limodzi limene ana otumiza matikitiwo amaiwala kuuza makolo awo, ndilo lakuti munthu akhoza kufika bwinobwino koma katundu wake osafika.

Pa chapa mwini katundu ndiye mlonda wa katundu wake. Amaona ndi maso ake kondakitala akumanga thumba, ndipo galimoto ikaima pa Mphulu kapena pa Moatize amasuzumira pawindo kuti aone ngati wina sakutsitsa chosakhala chake. Pa ndege si choncho ayi. Chikwama chachikulu, chimene ambiri kuno amachitcha mala, amachilandira pa kauntala, amachiika pa sikelo, amachimata pepala lalitali pachogwirira, kenaka chimalowa kuseri kwa khoma, ndipo mwini wake sachionanso kufikira atatsika. Kumeneko amakaima pamodzi ndi anzake pa lamba wozungulira, amene pa Chipwitikizi amati tapete, n'kumadikira. Anzake amanyamula zawo mmodzimmodzi n'kumatuluka. Lamba akaima munthu ali chiimire manja ali m'thumba, apo ndiye pamayambira nkhani ya lero.

Choyamba wapaulendo adziwe kuti chikwama chosatuluka si chikwama chobedwa. Bungwe la SITA, limene limayang'anira makompyuta a makampani ambiri a ndege, limawerengera nkhani zimenezi chaka ndi chaka. Mu 2007 zikwama pafupifupi 19 pa okwera 1,000 alionse zinasochera, kuchedwa kapena kuonongeka. Pofika 2023 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa zikwama pafupifupi 7. Mwa zimenezo zochuluka zedi ndi zongochedwa, zimene zimafika tsiku lotsatira kapena patapita masiku ochepa, ndipo zotayikiratu ndi zochepa. Motero kugwa pansi ndi kulira ngati pamaliro sikuthandiza, ngakhale kuti munthu amene waikamo zovala zake zonse za ku tchalitchi sangadzudzulidwe akagwetsa misozi.

Nanga zimasochera bwanji? Kawirikawiri ndi posintha ndege. Munthu wochokera ku Tete kupita ku Johannesburg kapena ku Lisboa kudzera ku Maputo amatsika ndege imodzi n'kukwera ina, ndipo ngati yoyambayo yachedwa, iye akhoza kuthamanga ndi miyendo yake n'kuipeza yachiwiriyo, koma chikwama chilibe miyendo. Ndi chifukwa chake mwana wogulira kholo lake tikiti asasankhe ulendo wosiya mphindi zochepa pakati pa ndege ziwiri pofuna kupulumutsa ndalama pang'ono. Ndiponso matikiti awiri ogulidwa padera, kwa makampani awiri osagwirizana, ndi msampha: chikwama chimathera pamene tikiti yoyamba yathera, ndipo mwini wake ayenera kuchitenga ndi kukachiperekanso. Nkhalamba yosauzidwa imangopitirira ulendo, chikwama chili kuzungulira chokha pa lamba wa ku Maputo.

Chifukwa china ndi cha kuno komwe. Mzinda wa Tete ndi umodzi wa mizinda yotentha kwambiri m'dziko muno, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mpweya wotentha ndi wopepuka, sunyamula ndege monga umachitira mpweya wozizira, kotero kuti ndege yaing'ono ikadzaza anthu tsiku lotentha, oyendetsa amakakamizika kuchepetsa kulemera kwake. Sangasiye mafuta, ndipo kusiya munthu n'kovuta. Chotsala ndi zikwama, zimene zimadzatsatira pa ndege ina. Wofika mochedwa pa kauntala, pamene atsala pang'ono kutseka, amadziikanso yekha pachiswe, popeza chikwama chake chikhoza kusafika ku ndege nthawi ikadalipo.

Palinso zifukwa zimene mwini chikwama amadzipangira yekha. Pepala lomatidwa pachogwirira lija lili ndi mizere yakuda imene makina amawerenga, manambala 10, ndi zilembo zitatu zosonyeza bwalo limene chikwama chikupita. TET ndi Tete, MPM ndi Maputo, BEW ndi Beira, APL ndi Nampula, VXC ndi Lichinga, JNB ndi Johannesburg. A ku Angónia ndi ku Tsangano amene amaona kuti kuwoloka pa Calomue kukakwerera ku Lilongwe n'kwapafupi kuposa kutsikira ku Tete adzaona LLW pobwerera, ndipo a ku Zobue odzera ku Chileka adzaona BLZ. Munthu ngakhale sanapite patali ndi sukulu akhoza kuloweza zilembo zitatu, ndipo ndi bwino aziyang'ane chikwama chisanalowe kuseri kwa khoma, pakuti wogwira ntchito pa kauntala nayenso ndi munthu, amatopa. Tsono alipo anthu amene amasiya mapepala a maulendo akale ali lendelende pachikwama, mwina pofuna kuti a m'mudzi aone kuti mwini wakeyo anakwerapo ndege. Ulemu umenewo ndi wodula, chifukwa makina akhoza kuwerenga pepala lakalelo n'kusocheretsa chikwama. Akale onse achotsedwe, ndi timapepala tating'ono tomata m'mbali tomwe.

Pa kauntala pomwepo wapaulendo amapatsidwa kachidutswa ka pepala lomwelo, kamene nthawi zambiri amakamata kuseri kwa chiphaso chokwerera ndege. Kapepala kameneka ndi kakang'ono ngati chala, koma ndi umboni wokhawo wakuti kampani inalandira chikwama. Anthu ambiri amakataya m'ndege kapena kukulungiramo chingamu. Kasungidwe pamodzi ndi BI kufikira chikwama chili m'manja, ndipo amene ali ndi foni yojambula akajambule, ajambulenso chikwamacho kunja ndi m'kati asanatseke.

Za mtundu wa chikwama nazo n'zofunika kuzinena. Anthu a kumudzi anazolowera kumanga katundu m'bulangeti kapena m'chitenje, n'kukulunga ndi chingwe cha mphira, ndipo pa chapa palibe amene amafunsa. Bwalo la O. R. Tambo ku Johannesburg linakhazikitsa lamulo mu Marichi 2019 lokana pa makauntala ake katundu wozungulira ngati mpira, wa zingwe zazitali zolendewera, ndi wokulungidwa m'mabulangeti kapena womangidwa ndi zingwe, kaamba kakuti amakola m'makina n'kuimitsa malamba. Chikwama chiyenera kukhala ndi mbali imodzi yosalala yoti chigonere. Zikwama zazikulu zapulasitiki za mizeremizere zija zili ndi vuto lina: zipi wake sachedwa kuphulika, ndipo zimafanana zonse, kotero kuti mayi wina akhoza kunyamula cha mnzake mopanda chinyengo chilichonse n'kukazindikira ali kunyumba. Zikwama zakuda zamatayala n'chimodzimodzi. Kansalu kakafupi kowala komangidwa zolimba pachogwirira, kapena dzina lolembedwa ndi penti pambali, zimathetsa chisokonezo chimenechi. Pa mabwalo akuluakulu pali anthu okulunga zikwama ndi pulasitiki pamtengo wake, ndipo amene chikwama chake n'chofooka sataya ndalama pachabe akakulungitsa, popeza wa manja aatali amasankha chosavuta kutsegula.

Dzina ndi nambala ya foni zilembedwe kunja, koma koposa zonse zilembedwe pa pepala lalikulu n'kuliika m'kati pamwamba pa zovala. Pepala lakunja likhoza kuthothoka. Chikwama chopanda pepala chikapezeka pa bwalo lachilendo, ogwira ntchito amachitsegula kufuna chizindikiro cha mwini wake, ndipo akapeza zitenje zitatu ndi nsapato popanda dzina, alibe poyambira. Nambala yolembedwayo ikhale ndi 258 kutsogolo ngati ndi ya Moçambique. Pano pali kanthu kena kokhudza anthu a m'malire okha: ambiri amagwiritsa ntchito makadi a foni a ku Malawi chifukwa ndiwo amagwira bwino m'midzi yawo, ndipo nambala yotere ikhoza kukhala chete mwini wake akafika ku Maputo. Choncho alembe nambala ziwiri, yake ndi ya mwana kapena mbale amene akukamulandira.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Pa ndege, fodya wa pamphuno ndi kachikwama kakang'ono kamene munthu amaloledwa kulowa nako, kawirikawiri kosapitirira makilogalamu 7, ngakhale kuti kampani iliyonse ili ndi muyeso wake wolembedwa pa tikiti. M'menemo ndimo moyenera kukhala zinthu zimene munthu sangagone popanda izo. Mankhwala ndiwo oyamba. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu asayerekeze kuwaika m'chikwama chachikulu, ngakhale atachita manyazi kuti ofufuza pachipata awaona. Ofufuzawo amaona mabotolo otere tsiku ndi tsiku ndipo alibe nawo ntchito, pamene kudumphitsa mankhwala masiku anayi kapena asanu ku dziko la eni, kopanda khadi la kuchipatala, ndi kuseweretsa moyo. Khadilo likhale pamodzi ndi mankhwala. Pasipoti, BI, zikalata za kubadwa za ana, ndalama, magalasi a maso, foni ndi chingwe chake, makiyi a nyumba, zonsezi ndi za m'manja. Mabatire otchajira foni saloledwa n'komwe m'chikwama chachikulu chifukwa akhoza kuyaka moto, ndipo chikwama chopezeka nawo amatha kuchipatula kuti achitsegule, ndege n'kuchisiya. Pamwamba pake pakhale zovala zosinthira za tsiku limodzi kapena awiri. Amene akupita ku ukwati kapena ku mwambo wa mwana womaliza maphunziro anyamule m'manja chovala cha tsikulo, chifukwa mwambo sudikira chikwama. Banja loyenda pamodzi lichite mwanzeru posakaniza: zovala zina za bambo m'chikwama cha mayi, zina za mayi m'chikwama cha bambo, kuti chimodzi chikatsala wina asakhale wopanda chovala.

Tsono pali nkhani ya zakudya, imene ili pamtima pa kholo lililonse. Palibe mayi wa ku Domwe amene angapite kwa mwana wake chimanjamanja. Amafuna kunyamula nyemba, mbatatesi, ufa woyera, masau ouma, malambe, nsomba za chicoa, kapenta wa ku Cahora Bassa, ndipo ena amagula ndi nyama ya mbuzi ya ku Tete, imene a ku Maputo amaikonda zedi. Zouma sizivuta ngati zamangidwa bwino m'mapulasitiki. Koma nyama yaiwisi kapena nsomba yosauma bwino, ikagona masiku atatu m'chipinda chotentha cha pa bwalo la ndege, imaononga ndi zovala zomwe, ndipo makampani amalemba m'malamulo awo kuti zoola msanga zisaikidwe m'chikwama choperekedwa pa kauntala, motero kudandaula pambuyo pake kumakhala kovuta. Zoterezi zikhale m'chotengera chakechake, osati pamodzi ndi suti. Opita kunja kwa dziko adziwenso kuti South Africa ndi maiko a ku Ulaya salola nyama, mbewu ndi zomera kulowa popanda chilolezo, ndipo chikwama chogwidwa ndi a kasitomu si chikwama chotayika, kampani ya ndege ilibe nacho mlandu. Za kunyamulira munthu wosam'dziwa phukusi, ngakhale alankhule Chinyanja chokoma chotani pa bwalopo, yankho ndi limodzi: ayi. Chopezeka m'katimo chimakhala cha amene dzina lake lili pa pepala.

Lamba akaima chikwama osaoneka, cholakwa chachikulu ndi kutuluka. Munthu wa kumudzi amaopa kuvutitsa anthu ovala yunifolomu, amaganiza kuti akafunse kaye mwana wake amene akudikira panja, ndipo akangodutsa chitseko chotulukira sangabwererenso mosavuta. Safunsa anadya phula. M'chipinda chomwecho cha lamba, kapena pafupi nacho, mumakhala ofesi ya katundu wotayika, yolembedwa kuti Perdidos e Achados, ndipo ku Joni amalemba m'Chingerezi. Apite kumeneko nthawi yomweyo ndi chiphaso chokwerera ndege ndi kapepala kaja. Kumeneko amalemba chikalata chotchedwa PIR, chofotokoza mtundu wa chikwama, kukula kwake, maonekedwe ake ndi zina za m'kati. Amene sadziwa bwino Chipwitikizi aimbire mwana wake foni kuti alankhule ndi wa mu ofesiyo, kapena angosonyeza chithunzi chija, chimene chimanena zambiri kuposa pakamwa.

Asachoke popanda pepala lake la chikalatacho. Pamwamba pake pamakhala nambala ya nkhaniyo: zilembo zitatu za bwalo, ziwiri za kampani, ndi manambala asanu. Makampani ambiri amailowetsa mu WorldTracer, makina amene amafananitsa madandaulo a eni katundu ndi zikwama zopanda eni zopezeka pa mabwalo a dziko lonse lapansi, ndipo mwana wodziwa intaneti akhoza kumatsatira yekha pa foni. Mawu apakamwa akuti "bwerani mawa, chifika" si chikalata. Udindo wolandira dandaulo uli ndi kampani imene yamufikitsa munthu pa bwalo lomaliza, ngakhale chikwama chitasochera m'manja mwa kampani ina kumbuyoko.

Pobwerera kumudzi vuto limakula. Munthu watsika pa Chingodzi, chikwama chatsala ku Maputo, ndipo kwawo ndi ku Ulongwe, mtunda wa makilomita oposa 200, kapena kupitirira apo kumene kulibe dzina la msewu ngakhale nambala ya nyumba. Asanakwere chapa afunse momveka kuti chikwamacho chikafika adzachitumiza kuti, adzalipira mayendedwe ndani, ndiponso ngati mbale wake wa mu mzinda wa Tete angachitenge m'malo mwake. Ngati n'kotheka, dzina la mbaleyo ndi nambala ya BI yake zilembedwe pa chikalata pomwepo, kuti asadzabwezedwe pakhomo. Kutsika kuchokera ku Angónia kawiri kapena katatu kudzangomva kuti sichinafike kukhoza kudya ndalama zoposa mtengo wa zimene zili m'chikwamamo.

Za malipiro, maulendo opita kunja amayendera pangano la maiko la ku Montreal la chaka cha 1999, limene Moçambique ndi South Africa onse analivomereza. Panganolo limati chikwama chikapanda kufika patatha masiku 21 kuchokera tsiku limene chimayenera kufika, mwini wake ali ndi ufulu wofuna malipiro ngati a chinthu chotayika. Chikafika chothyoka kapena zina zitaonongeka, dandaulo lolembedwa liperekedwe pasanathe masiku 7. Chikafika mochedwa, mwini wake ali ndi masiku 21 kuchokera tsiku limene wachilandira kuti alembe kalata yofuna kubwezeredwa zimene anagula podikira. Apa ndi pamene malisiti amagwira ntchito. Wogula sopo, mswachi, zovala zam'kati ndi malaya amodzi podikira chikwama asunge lisiti lililonse, ndipo agule pamalo opereka lisiti, pakuti kaunjika wa pamsika, ngakhale ndi wotsika mtengo, alibe umboni. Agulenso mwa muyeso. Kampani imabweza zofunikadi, osati suti yatsopano ya munthu amene wapeza danga.

Malipirowo ali ndi malire. Amawerengedwa m'ndalama ya pamapepala ya bungwe la IMF yotchedwa SDR, ndipo malirewo anayamba pa 1,000, kenaka anakwera kufika 1,131 mu 2009, 1,288 mu 2019, ndi 1,519 kuyambira pa 28 Disembala 2024. Pa mtengo wa ndalama wa mu 2025, imeneyo ndi pafupifupi madola 2,000 a ku America, kapena cha m'ma 130,000 meticais. Wina akamva chiwerengero chimenechi akhoza kuyamba kupemphera kuti chikwama chake chitayike, koma asafulumire. Imeneyo ndi ndalama yomalizira, osati mphatso ya aliyense, ndipo ndi ya munthu mmodzi, osati ya chikwama chilichonse. Kampani imafuna mndandanda wa zimene zinali m'kati ndi mitengo yake, imafunsa malisiti, ndipo kawirikawiri imachotsera mtengo wa zinthu zakale. Wonyamula katundu woposa malirewo ali ndi njira ziwiri: kunena mtengo wake pa kauntala asananyamuke n'kulipira kandalama kowonjezera, kapena kugula seguro ya paulendo, imene mwana wogula tikiti angaifunse nthawi yomweyo. Pangano lakale la ku Warsaw la 1929, limene likugwirabe ntchito pa maulendo ena a maiko amene sanalowe m'latsopanoli, linali louma kwambiri: pafupifupi madola 20 pa kilogalamu, kaya m'chikwamamo munali nsanza kaya munali wailesi.

Maulendo a m'dziko momwe muno, monga Tete kupita ku Maputo osapitirira kunja, amayendera malamulo a dziko lino ndi zimene kampani inalemba pogulitsa tikiti, motero wodandaula afunse kuti amuonetse zolembedwazo. Kalata yodandaula ilembedwe ziwiri, imodzi isiyidwe, inayo idindidwe chidindo ndi tsiku n'kusungidwa kunyumba. Kampani ikangokhala chete, nkhani ikhoza kupita ku IACM, bungwe la boma loyang'anira za ndege m'dziko muno. Pa maulendo a pansi pa pangano la Montreal, wofuna kukasuma ku khoti ali ndi zaka ziwiri zokha kuchokera tsiku limene ndege inafika, zikatha ufuluwo watha.

Zikwama zimene eni ake sapezeka sizisungidwa mpaka kalekale. Makampani amafufuza kwa miyezi pafupifupi itatu, kenaka amazigulitsa, kuzipereka kwa osauka kapena kuzitaya. Ku America, m'tauni yaing'ono ya Scottsboro m'chigawo cha Alabama, kuli sitolo yaikulu imene inayamba mu 1970, imene ntchito yake ndi kugula zikwama zoterezi kwa makampani a ndege a kumeneko, kuchapa zovala zake ndi kuzigulitsa pa mashelefu, ndipo anthu amayenda mitunda italiitali kukasankhako majekete, mawotchi ndi mphete zaukwati za anthu osawadziwa.